Zala Zimakumbukira Malo, Mutu Umakumbukira Dongosolo

Funso lake ndi lotani

Aliyense amene amalemba pa kompyuta tsiku ndi tsiku amadziwa njira zachidule zingapo za pa kiyibodi, ngakhale sanakhalepo pansi kuti aziphunzire. Ctrl ndi C zimakopera mawu, Ctrl ndi V zimawamata pamalo ena, Ctrl ndi Z zimabweza zimene walakwitsa. Chidule ndi chimenecho: batani limodzi kapena angapo amene amalamula pulogalamu kuchita chinthu, dzanja osachoka pa kiyibodi kukagwira mausi. M'mapulogalamu ambiri zidule ndi zongowonjezera. Koma mu pulogalamu yolembera, makamaka imene akatswiri olemba mapulogalamu amakhalamo tsiku lonse, ntchito yonse imatsamira pa zidulezo. Munthu amasuntha cursor, amafufuta liwu, amasaka mzere, amabweza, ndipo amachita zimenezi kambirimbiri ola lisanathe.

Vuto la wokonza pulogalamu yotere ndi kuchepa kwa malo. Kiyibodi ya pa tebulo imakhala ndi mabatani 104 kapena 105, ya laputopu ocheperapo, ndipo ambiri mwa iwo ali kale ndi ntchito yolemba zilembo ndi manambala. Zilembo zokhazo ndi 26. Pomwe pulogalamu yolembera yokhwima imakhala ndi malamulo mazanamazana, ndipo ya Emacs ili nawo masauzande. Pogawa mabatani ochepawa, wokonza amafuna zinthu zitatu zimene sizimvana nthawi zonse: chidule chikumbukike, chigwirizane ndi zinzake komanso ndi zimene munthu anazolowera kwina, ndiponso zala zichifike mosavutikira. Mfundo ya nkhani ino ndi yakuti pa zitatuzi kugwirizana ndiko kopambana, chifukwa kukumbukika kokhalitsa kumabadwira pomwepo. Zidule za pulogalamu zakonzedwa bwino ngati munthu amene waphunzira khumi angathe kulosera china chimene sanachionepo, n'kupeza kuti walosera zoona.

Kumene miyamboyi inachokera

Zidule zimene tikugwiritsa ntchito lero sizinakonzedwe ndi munthu mmodzi. Zinachokera m'miyambo inayi kapena isanu imene inabadwa pakati pa 1974 ndi 1987, ndipo mwambo uliwonse unaumbidwa ndi makina a nthawi yake.

Mu 1976, Bill Joy, pa University of California ku Berkeley, anayamba kulemba pulogalamu imene inadzakhala vi. Ankagwiritsa ntchito terminal yotchedwa ADM-3A, imene inalibe mabatani apadera a mivi. Mivi inali yojambulidwa pa mabatani a H, J, K ndi L, ndipo n'chifukwa chake mpaka lero mu vi ndi mdzukulu wake Vim, h amapita kumanzere, j pansi, k pamwamba, l kumanja. Batani la Esc, limene wogwiritsa ntchito vi amalidina pafupipafupi, pa makina amenewo linali pomwe pali Tab masiku ano, pafupi ndi chala. Komanso Joy ankalumikizana ndi kompyuta kudzera pa modem yoyenda pang'onopang'ono kwambiri, ya 300 baud, moti chilembo chilichonse chotumizidwa chinali ndi mtengo. Malamulo a vi ndi aafupi chifukwa waya unali wopapatiza.

Chaka chomwecho ku MIT kunabadwa Emacs, imene inayamba ngati gulu la malamulo omangidwa pamwamba pa pulogalamu yakale ya TECO, ndipo Richard Stallman ndi Guy Steele anali pakati pa ntchitoyo. Kumeneko makiyibodi anali ndi batani lowonjezera lotchedwa Meta, limene pa kompyuta za masiku ano ntchito yake inatengedwa ndi Alt. Emacs inasankha zilembo zoyamba za mawu a Chingerezi: Ctrl ndi F kupita kutsogolo, Ctrl ndi B kumbuyo, Ctrl ndi N mzere wotsatira, Ctrl ndi P mzere wapitawo. Pulogalamu ya WordStar, ya kampani ya MicroPro, imene inatuluka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, inasankha zosiyana kotheratu. Inatenga mabatani anayi oyandikana pansi pa dzanja lamanzere, odinidwa pamodzi ndi Ctrl, E pamwamba, X pansi, S kumanzere, D kumanja, kuti kaimidwe kawo pa kiyibodi kasonyeze komwe cursor ikupita. Potalikirako pang'ono, A ndi F zinkalumpha liwu lathunthu, R ndi C zinkalumpha tsamba. Chilembo sichinkatanthauza kanthu. Malo ndiwo ankalankhula. Mwambowu unalowa mu Turbo Pascal ya Borland, ndipo wolemba mabuku George R. R. Martin ananenapo poyera kuti amalembabe pa WordStar.

Mwambo umene unafika kwa anthu wamba unachokera ku Xerox PARC, komwe Larry Tesler ndi Tim Mott anakonza pulogalamu ya Gypsy chapakati pa zaka za m'ma 1970 n'kukhazikitsa kudula, kukopera ndi kumata monga tikudziwira lero. Tesler atapita ku Apple, makompyuta a Lisa mu 1983 ndi Macintosh mu 1984 anaika ntchitozi pa Z, X, C ndi V. IBM inayesa njira yakeyake mu 1987, m'malangizo otchedwa Common User Access: Shift ndi Delete kudula, Ctrl ndi Insert kukopera, Shift ndi Insert kumata. Koma Windows 3.1 itatuluka mu 1992 inalandira zilembo za Apple, ndipo lero njira ziwirizi zimagwirabe ntchito limodzi m'mapulogalamu ambiri a Windows. Kuchokera kwa IBM tinatsala ndi F1 wopempha thandizo ndi Alt wotsegula menyu.

Mbiriyi ikufotokoza chifukwa chake batani limodzi lili ndi matanthauzo otsutsana. Ctrl ndi Y mu Microsoft Word amabwereza chimene unabweza, mu Emacs amamata, mu WordStar ankafufuta mzere wonse. Ngakhale liwu lakuti "yank" mu Emacs limatanthauza kumata, pomwe mu vi limatanthauza kukopera. Wokonza pulogalamu yatsopano sayambira pa gome lopanda kanthu, chifukwa aliyense wobwera kudzaigwiritsa ntchito amabwera ndi zala zimene zinaphunzitsidwa kale ndi umodzi mwa miyamboyi.

Chilembo choyamba chimathandiza mpaka pati

Maganizo oyamba amene amabwera kwa aliyense ndi akuti chidule chizikhala chilembo choyamba cha dzina la ntchitoyo: S wa "save", F wa "find", P wa "print", O wa "open". Njirayi ili ndi ubwino weniweni. Tsiku loyamba, pamene zala sizinazolowere, munthu amafunika chogwirira, ndipo chilembo chimampatsa chogwiriracho. Koma imatha mphamvu msanga pa zifukwa zitatu.

Choyamba, mawu amalimbirana zilembo. "Copy", "cut", "close" ndi "comment" onse amafuna C. "Save", "search", "select" ndi "sort" onse amafuna S. Mmodzi akapambana, enawo amapatsidwa zilembo zongopeka, kenako wokonza amasaka dzina loti ligwirizane nazo. Umu ndi mmene pulogalamu ya nano inakhalira ndi Ctrl ndi O wosunga fayilo, pomutcha "write out", ndi Ctrl ndi W wosaka, pomutcha "where is". Mu Microsoft Outlook, Ctrl ndi F satsegula posakira koma amatumiza uthenga kwa munthu wina, chifukwa "forward" ndi "find" anakumana pa chilembo chimodzi. Chachiwiri, zidule zodziwika kuposa zonse sizitsatira njirayi. Pa Z, X, C ndi V, ndi C yekha amene ali chilembo choyamba cha ntchito yake. V alibe ubale uliwonse ndi "paste", koma palibe amene amamuiwala, chifukwa ali pafupi ndi C, pamzere wapansi, pomwe dzanja lamanzere limafika lamanja lili pa mausi. Chidule chikadinidwa kambirimbiri chimachoka m'mutu n'kulowa m'zala, ndipo zala sizidziwa zilembo, zimadziwa malo ndi kayendedwe. N'chifukwa chake katswiri wotaipa amatha kulephera kunena pakamwa chidule chimene wangochidina kumene.

Chachitatu, chilembo choyamba ndi cha chinenero chimodzi. Kwa wowerenga nkhani ino amene amaganiza m'Chichewa, S wa kusunga anagwirizana mwangozi chabe, ndipo P, O ndi Z alibe chomukumbutsa. Microsoft inayesa kuthetsa vutoli pomasulira zidule pamodzi ndi mawu. Mu Word ya Chisipanishi, Ctrl ndi G ndiye amasunga, pomwe Ctrl ndi S amadula mzere kunsi kwa mawu. Mu Word ya Chipwitikizi nayonso Ctrl ndi S amadula mzere, ndipo Ctrl ndi N amanenepetsa zilembo m'malo motsegula tsamba latsopano. Zotsatira zake n'zakuti mlembi wa ku Dedza kapena ku Chipata amene wakhala pa kompyuta ya Chipwitikizi ku Tete angadine Ctrl ndi S, n'kuganiza kuti wasunga ntchito yake, pamene wangoyatsa kudula mzere. Kumasulira kunathandiza wophunzira wa tsiku loyamba, koma kunalanga aliyense amene amayenda pakati pa zinenero ziwiri, ndipo ngakhale wa chinenero chimodzi amasokonezeka, chifukwa mapulogalamu ena pa kompyuta yomweyo anasiya zidule za Chingerezi mmene zinalili.

Dongosolo limene limabala zidule zina

Chimene chimapepula katundu wa kukumbukira ndi dongosolo. Mwana amene wamva "ndinapita" ndi "adzabwera" safunika kuphunzitsidwa "ndidzapita" kapena "anabwera". Wazindikira kuti mawuwa ndi tizidutswa tolumikizidwa, ndipo amapanga yekha mawu amene sanawamvepo. Zidule zabwino zimagwira ntchito chimodzimodzi, ndipo vi ndiyo inafika patali pa zimenezi. Muli zilembo za chochita, monga d wofufuta, c wosintha ndi y wokopera, ndi zilembo za mtunda, monga w wa liwu lotsatira, $ wa kumapeto kwa mzere ndi G wa kumapeto kwa fayilo. Ukalumikiza d ndi w wafufuta liwu, y ndi $ wakopera mpaka kumapeto kwa mzere, d ndi G wafufuta mpaka pansi penipeni. Ukaika nambala, monga d3w, wafufuta mawu atatu. Munthu wodziwa zochita 5 ndi mitunda 10 waphunzira zinthu 15 koma ali ndi malamulo 50, ndipo mtunda watsopano uliwonse umene angaphunzire umamuwonjezera malamulo 5 nthawi imodzi.

Emacs ili ndi dongosolo lakenso, ngakhale si ambiri amalizindikira msanga. Ctrl amagwira chinthu chaching'ono, Meta chokulirapo. Ctrl ndi F amasuntha chilembo chimodzi, Meta ndi F liwu limodzi. Ctrl ndi D amafufuta chilembo, Meta ndi D liwu. Ctrl ndi A amapita koyambira mzere, Meta ndi A koyambira chiganizo. Ctrl ndi T amasinthanitsa zilembo ziwiri, Meta ndi T mawu awiri. M'mapulogalamu wamba, Shift ali ndi maudindo awiri okhazikika. Akaphatikizidwa ndi batani losuntha cursor amasankha mawu onse amene cursor yadutsa, ndipo akaphatikizidwa ndi lamulo amalitembenuza: Tab kutsogolo, Shift ndi Tab kumbuyo, Ctrl ndi Z kubweza, Ctrl, Shift ndi Z kubwezeretsa. Nayenso Ctrl akaphatikizidwa ndi muvi kapena Backspace amakulitsa phazi kuchoka pa chilembo kufika pa liwu. Palibe amene analoweza payekha kuti Ctrl, Shift ndi muvi wakumanja zimasankha liwu lotsatira. Zimangotuluka pa mfundo ziwiri zimene akudziwa kale. Phunziro kwa wokonza ndi lakuti batani lililonse lothandizira, Shift, Ctrl kapena Alt, likhale ndi tanthauzo limodzi mu pulogalamu yonse, ndipo asalibwereke kukatseka dzenje pamene zilembo zatha.

Malo akachepa, njira yosawononga dongosolo ndi ya chidule chotsogolera, chimene sichichita kanthu pachokha koma chimatsegula banja la malamulo. WordStar inali ndi Ctrl ndi K wa malamulo a zigawo za mawu ndi mafayilo, ndi Ctrl ndi Q wa malamulo olumpha patali. Emacs ili ndi Ctrl ndi X, ndipo Visual Studio Code ili ndi Ctrl ndi K. Chotsogolera chimasandutsa malo amodzi kukhala 26 kapena kuposerapo, ndipo chimathandiza kukumbukira pokhapokha ngati a m'banjamo ndi apachibale enieni.

Mphamvu ya dongosolo imaonekera bwino pomwe lasweka. Mu vi, D wamkulu amafufuta mpaka kumapeto kwa mzere, C wamkulu amasintha mpaka kumapeto kwa mzere, koma Y wamkulu amakopera mzere wonse. Aliyense amene wamvetsa awiri oyambawo amalosera molakwa pa wachitatu, ndipo wophunzira wakhama ndiye amene amagwa m'dzenjemo. Cholakwika chimodzi chotere chimawononga zambiri kuposa kukula kwake, chifukwa chimaphunzitsa munthu kuti kulosera n'koopsa, ndipo akasiya kulosera amabwerera ku kuloweza chimodzichimodzi.

Pali mkangano umene sunathe wokhudza kuti chiyambe n'chiyani, chochita kapena chochitidwa. Mu vi umanena "fufuta" kenako "mawu atatu", ndipo umaona zotsatira zitachitika kale. Mapulogalamu a Kakoune ndi Helix anatembenuza: umayamba wasankha mawuwo, amaoneka pa sikirini, kenako n'kufufuta. Oikira kumbuyo njirayi amati maso amatsimikiza dzanja lisanawononge. Oikira kumbuyo vi amati lamulo lonenedwa lathunthu ndi losavuta kulibwereza pamalo ena ndi batani limodzi la kadontho. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, ndipo zonse zimavomereza chinthu chachikulu, kuti malamulo azimangidwa ndi tizidutswa tolumikizika.

Nkhani ya mode

Dongosolo la vi lili ndi mtengo wake. Kuti d akhale lamulo, pulogalamu iyenera kukhala ndi mikhalidwe iwiri, imene akatswiri amaitcha mode: mu umodzi zilembo zimalembedwa, mu winawo zimalamula. Larry Tesler analimbana ndi zimenezi moyo wake wonse, mpaka nambala ya galimoto yake inali ndi mawu akuti NO MODES. Nkhani imene imakambidwa kawirikawiri ndi ya pulogalamu ya Bravo ku Xerox PARC, mmene munthu wolemba liwu lakuti "edit" ali mu mode yolamula ankasankha zonse ndi e, kuzifufuta ndi d, kuyamba kulemba ndi i, n'kutsala ndi chilembo t chokha. Jef Raskin, m'buku lake la The Humane Interface la mu 2000, anafotokoza chifukwa chake: maganizo a munthu amakhala pa zimene akulemba, osati pa mkhalidwe wa pulogalamu, moti chizolowezi chimathamanga chisanafunse kuti tili mu mode iti. Iye anavomereza mode imene imakhalapo pokhapokha chala chikugwirabe batani, monga Shift, chifukwa thupi lenilenilo limakukumbutsa. Caps Lock, amene amakhala woyaka chala chitachokapo, ndiye chitsanzo cha mode yoiwalika.

Umboni wakuti vi imazunza obwera kumene ndi wosakanika. Mu 2017, tsamba la Stack Overflow linalengeza kuti funso la mmene munthu angatulukire mu Vim linali litawerengedwa kopitirira miliyoni imodzi. Koma ndi bwino kuona chimene chinalephera pamenepo. Anthuwo sanagonje chifukwa dongosolo la d ndi w ndi lovuta. Anagonja chifukwa sikirini sinawauze chilichonse, ndiponso zimene anazolowera kwina sizinagwire. Kumbali inayo, kukana mode kuli ndi mtengo wakenso: malamulo onse amakakamizika kukhala pa Ctrl ndi Alt, ndipo kachala kakumapeto, kofooka kuposa tonse, ndi kamene kamasenza katundu. Vutoli linakula pamene IBM, chapakati pa zaka za m'ma 1980, inasamutsa Ctrl kuchoka pambali pa A kupita pakona yapansi n'kuika Caps Lock m'malo mwake. Zidule za WordStar ndi Emacs zimene zinali zofewa pa kiyibodi yakale zinasanduka zopinda dzanja, ndipo ambiri ogwiritsa ntchito Emacs mpaka lero amasintha Caps Lock kukhala Ctrl.

Makina amene ali pansi pa zala

Pali zidule zimene zimaoneka bwino papepala koma makina amazikana. Pulogalamu yogwira ntchito mu terminal silandira mabatani, imalandira manambala a ASCII. Chilembo A ndi 65, ndipo Ctrl ndi A ndi 1. B ndi 66, Ctrl ndi B ndi 2, mpaka kumapeto. Koma manambala ang'onoang'onowa ena anali kale ndi eni ake. Ctrl ndi I ndi 9, yemwe ndi Tab. Ctrl ndi M ndi 13, yemwe ndi Enter. Ctrl ndi [ ndi 27, yemwe ndi Esc. Mu terminal yachikale pulogalamu singasiyanitse awiriawiriwa, ndiponso singasiyanitse Ctrl ndi A ndi Ctrl, Shift ndi A. Ctrl ndi S anali chizindikiro chouza kompyuta kuti iyambe yaima kutumiza, mpaka Ctrl ndi Q atadinidwa, ndipo n'chifukwa chake wodina Ctrl ndi S kuti asunge nthawi zina amaona ngati terminal yauma. Ctrl ndi C amaimitsa pulogalamu, Ctrl ndi Z amaigoneka. Zidule zachilendo za nano zinachokera pamenepa: pulogalamu ya Pico, imene nano inatsanzira, inkazemba mabatani amene terminal inali itatenga kale.

Kiyibodi nayonso si imodzi padziko lonse. Pa ya Chijeremani Z ndi Y anasinthana malo, ndipo zizindikiro za [ ndi ] zimafuna AltGr. Pa ya Chifalansa Z ali pomwe pali W, moti banja la Z, X, C ndi V limabalalika. Wokonza ayenera kusankha ngati chidule chikutsatira chilembo kapena malo a batani, ndipo yankho labwino limadalira chifukwa chimene chinasankhidwira: chidule cha malo, monga cha WordStar, chitsatire malo, cha chilembo chitsatire chilembo. Choopsa kwambiri ndi Ctrl ndi Alt pamodzi, chifukwa pa Windows AltGr amaoneka ngati awiriwo. Mu 2015 Marcin Wichary anafotokoza mmene tsamba la Medium linalepheretsera anthu a ku Poland kulemba chilembo ś, chimene chimalembedwa ndi AltGr ndi S: pulogalamu inkaona Ctrl ndi S, n'kuganiza kuti munthu akufuna kusunga, n'kumeza chilembocho. Izi zimatikhudza mwachindunji. Chilembo ŵ cha m'mawu ngati Malaŵi palibe pa kiyibodi wamba, ndipo pa kiyibodi ya Windows yotchedwa United Kingdom Extended chimalembedwa ndi AltGr ndi 6, kenako w. Pulogalamu imene yalanda Ctrl, Alt ndi 6 yatseka khomo limenelo. Palinso funso la chimene pulogalamu imachiyesa liwu. Mu Vim, w wamng'ono amaona "ng'ombe" ngati zidutswa zitatu chifukwa cha kachizindikiro ka pakati, ndipo W wamkulu yekha ndiye amalumpha liwu lonse. Chidule cha "fufuta liwu" chimakhala chodalirika pokhapokha ngati liwu la pulogalamu ndi liwu la wolemba ndi limodzi.

Kuyandikana kwa mabatani, kumene kunathandiza C ndi V, kumavulazanso. Q ndi W ndi oyandikana, ndipo m'mapulogalamu ambiri wina amatseka tsamba limodzi pamene mnzake amatseka pulogalamu yonse. Lamulo lowononga lisamakhale pafupi ndi lamulo la pafupipafupi, ndipo ngati mbiri yaliika kale pamenepo, lizitheka kubwezedwa.

Kodi zidule zimafulumizitsadi ntchito

Apa pali zodziwika ndi zokanganirana. Mu 1989 Bruce Tognazzini wa ku Apple analemba kuti pa zoyesa za kampaniyo anthu ankanena kuti kiyibodi ndiyo yachangu, koma wotchi inkasonyeza kuti mausi ndiyo yachangu, chifukwa munthu saiona nthawi imene wataya posankha chidule m'mutu. Kafukufuku wa David Lane ndi anzake pa Rice University, wofalitsidwa mu 2005, anapeza zosiyana: zidule zinali zachangu kuposa menyu ndi tizithunzi todina, koma ngakhale anthu amene anagwiritsa ntchito Word zaka zambiri sankazigwiritsa ntchito kwenikweni.

Zotsatira ziwirizi zimamveka pamodzi tikaona miyeso imene Stuart Card, Thomas Moran ndi Allen Newell anafalitsa mu 1980. Kwa wotaipa waluso, kudina batani kumatenga pafupifupi masekondi 0.2, kusamutsa dzanja kupita pa mausi 0.4, kuloza chinthu pa sikirini 1.1, ndipo kukonzekera m'mutu 1.35. Ndiye kuti kuima kamodzi n'kuganiza kumadya nthawi yoposa ya mabatani 6. Chidule chofuna kukumbukiridwa nthawi iliyonse chimataya phindu lake lonse m'kuganizako, pamene chimene chalowa m'zala chimapambana mausi kutali. Mfundo imeneyi imasintha zimene wokonza ayenera kuwerengera. Chidule cha mabatani atatu chotuluka pa dongosolo lodziwika chimaposa cha mabatani awiri chongopeka. Ndipo lamulo limene munthu amaligwiritsa ntchito kamodzi pa mwezi silidzalowa m'zala ngakhale litapatsidwa batani labwino chotani. Malo ake ndi m'bokosi losakira malamulo ndi dzina, monga Meta ndi X mu Emacs, kapena Ctrl, Shift ndi P mu Sublime Text ndi Visual Studio Code. Mabatani ofewa asungidwire malamulo ochepa amene amadinidwa mphindi iliyonse.

Zotsutsa zimene zili ndi mphamvu

Ena amati mkangano wonsewu ndi wachabe, chifukwa pulogalamu yabwino imalola munthu kusintha zidule mmene akufunira. Ufuluwo ndi wofunikadi, makamaka kwa wolemba ndi dzanja limodzi, wodwala minyewa ya m'manja, kapena wa kiyibodi ya chinenero china. Koma suchotsa udindo wa wokonza. Wobwera kumene sangakonze dongosolo la malamulo amene sanawadziwe. Mabuku, maphunziro ndi mnzako wa pa desiki yoyandikana onse amalankhula zidule zimene pulogalamu inabwera nazo. Ndipo amene wasintha zonse amasowa chochita akakhala pa kompyuta ya wina. Emacs inapeza njira yanzeru: Ctrl ndi C wotsatiridwa ndi chilembo anasiyidwira wogwiritsa ntchito, ndipo olemba zowonjezera saloledwa kukhudzapo. Munthu ali ndi munda wake popanda kugumula malire a ena.

Ena amati dongosolo limathandiza katswiri yekha, ndipo wophunzira amafunikabe chilembo choyamba. Yankho ndi lakuti wophunzira amafunika kuona kuposa kukumbukira. Nano imalemba zidule zake zofunika m'mizere iwiri pansi pa sikirini, ndipo palibe amene amasowa potulukira ngakhale zilembo zake n'zachilendo. Menyu za Macintosh kuyambira pachiyambi zinkaonetsa chidule pambali pa dzina la lamulo, moti munthu amachiphunzira akugwira ntchito. WordStar inkadikira kanthawi ukadina chotsogolera: ukazengereza inkakuonetsa mndandanda wa zotsatira, ukafulumira sinkakusokoneza. Njira yomweyi inabwerera mu chowonjezera cha which-key, chimene tsopano chimabwera pamodzi ndi Emacs 30, ndipo Helix inabadwa nayo. Ntchito yokumbutsa ikaperekedwa kwa sikirini, zilembo zimamasuka kutumikira dongosolo.

Chotsutsa chovuta kuposa zonse n'chakuti kugwirizana kuli pawiri, ndipo mbali ziwirizo zimamenyana. Pulogalamu ingagwirizane ndi iyo yokha, kapena ingagwirizane ndi mapulogalamu ena onse pa kompyutayo. Dongosolo loyera la Emacs likufuna Ctrl ndi F akhale wopita kutsogolo. Dziko lonse likufuna akhale wosaka. Palibe yankho lokhutiritsa onse, koma pali kagulu kakang'ono ka zidule, kusunga, kubweza, kudula, kukopera, kumata, kusaka ndi kusankha zonse, kamene anthu amakadina asanaganize, ndipo pulogalamu yatsopano imene ikupatsa mabatani amenewa ntchito ina iyenera kukhala ndi phindu lalikulu loti ibweze, monga mmene vi imabwezera ndi galamala yake. Kunja kwa kaguluka, dongosolo la m'kati ndilo liyenera kupambana.

Chimene chimapangitsa chisankhochi kukhala cholemera n'chakuti kukonza pambuyo pake n'kodula, chifukwa zala za anthu zikazolowera cholakwika zimachiteteza. Y wamkulu wa vi anakhala wokhota zaka zoposa 40, Vim inamusunga dala kuti isasiyane ndi kholo lake, ndipo Neovim, mphukira ya Vim, ndiyo inamuwongola mu 2021, pa mtundu wa 0.6. Nano, imene inayamba mu 1999, inadikira mpaka mtundu wa 8.0 mu 2024 kuti Ctrl ndi F akhale wosaka. Ngakhale pamenepo Ctrl ndi W wakale anasiyidwa akugwirabe ntchito, ndipo zidule zonse zamakono za kudula, kukopera ndi kumata zinaikidwa kuseri kwa chisankho chimene munthu ayenera kuchiyatsa yekha.